Samu ya mabakiteriya yatizunguza mutu, tithandizeni

wa_ku_Chipoka
Akuluakulu muli bwanji, ndili Fomu 4 kuno ku Salima ndiye pali funso la Biology lomwe takangana nalo pa gulu lathu lowerenga. Likuti mabakiteriya alipo 100 ndipo amagawikana pawiri pa mphindi 20 zilizonse, pakatha maola atatu akhala angati? Ena akuti 1,800 poti agawikana ka 9 ndiye 100 x 2 x 9, wina akuti 51,200 koma akukanika kutilongosolera kuti waipeza bwanji. Zoona ndi ziti? Komanso tizilombo tingachulukedi choncho pa nthawi yochepayi eti?

mphunzitsi_wa_sayansi
Mwana wanga, wa 51,200 uja ndi amene wakhoza. Ka 9 mwapeza bwino, maola atatu ndi mphindi 180, kugawa ndi 20 ndi 9. Pomwe anzakowo asochera ndi poti akuiwala kuti timene tangobadwato natonso timagawikana, sikuti akugawikana ndi 100 oyamba aja okha ayi. Lemba pansi uone: 100, 200, 400, 800, 1,600, 3,200, 6,400, 12,800, 25,600, 51,200. Waona kuti 1,800 yawo ija yapitiriridwa kale pa ulendo wachisanu? Ndipo taona mphindi 20 zomalizazo, zokhazo zawonjezera 25,600 pomwe zoyamba zinangowonjezera 100 basi.

Pamayeso usataye nthawi kulemba mndandanda, fomula yake ndi N = N₀ x 2^n, N₀ ndi amene unayamba nawo, n ndi nthawi yonse kugawa ndi nthawi yogawikana kamodzi, ndipo 2^n ndi ma 2 okwana n kuwatayimusa okhaokha. 2^9 ndi 512, kutayimusa ndi 100 basi wamaliza. Chonde maola uyambe wawasandutsa mphindi, ana ambiri amagawa 3 ndi 20 n'kupeza zinthu zosamveka. Sunganso pamtima kuti 2^10 ndi 1,024, imathandiza ukakhala ulibe kalukuleta.

wa_labu_Nkhotakota
Aphunzitsi anena zoona, ine ndingoyankha funso lako lachiwiri lija. Mphindi 20 zo ndi za E. coli, mabakiteriya opezeka m'matumbo, akakhala pa mtendere, chakudya chokwanira, kutentha kwa 37°C ngati kwa thupi la munthu. Koma si onse othamanga choncho, ka TB kamatenga pafupifupi tsiku kuti kagawikane kamodzi kokha, nchifukwa chake kukameretsa mu labu timadikira masabata. Komanso fomulayo siigwira mpaka kalekale, poyamba tizilombo timakhala kaye phee kuzolowera malo, kenako timachulukana mwaliwiro lija, ndiye chakudya chikayamba kutha ndi zoipa zomwe timatulutsa zikachuluka nambala imaima kenako n'kuyamba kutsika. Samu yanuyo ndi ya gawo lachiwiri lokhalo.

mayi_wa_geni_ya_nsomba
Ine samu sindiidziwa koma zimenezi ndimaziona ndi maso. Chambo choguliratu m'mamawa ku Senga Bay dzuwa la Okutobala lija ukangochedwa pa siteji wopanda ayisi chimakhala ngati chili bwinobwino kwa maola angapo, kenako mwadzidzidzi fungo, makha asintha mtundu, kasitomala akungodutsa. Ndimadabwa kuti bwanji sichionongeka pang'onopang'ono. Ayisi ndiye amapha tizilomboto kapena?

wa_labu_Nkhotakota
Mayi, ayisi sapha, amangochedwetsa. Tingoyerekeza kuti padzuwa akugawikana pa mphindi 20 koma pa ayisi pa maola awiri. Pakatha maola 6 wa pa ayisi wagawikana katatu, kamodzi kasanduka 8. Wa padzuwa wagawikana ka 18, kamodzi komweko kasanduka 262,144. Mwadzidzidzi mukunenayo ndi maulendo omalizawo, chiwerengero chimakhala chikukwera kuyambira m'mawa koma mphuno imamva mochedwa. Ndiye ayisi muziyika pogula pomwepo, osati nsomba itatentha kale. Chimodzimodzi mpunga wotsala ndi mkute, osamazisiya pofunda tsiku lonse, makamaka zopatsa ana.

wa_ku_Chipoka
Zikomo kwambiri aphunzitsi ndi nonse, tsopano zalowa. Ndayesa kuitembenuza kuti 100 aja apitirire 1 miliyoni liti, 100 x 2^13 ikupereka 819,200 sinakwane, 100 x 2^14 ikupereka 1,638,400 ndiye ka 14 kutayimusa mphindi 20 ndi 280, maola 4 ndi mphindi 40. Ndakhoza?

mphunzitsi_wa_sayansi
Wakhoza. Ukafuna nthawi yeniyeni gwiritsa ntchito ma log, 1 miliyoni kugawa ndi 100 ndi 10,000, ndiye log 10,000 kugawa ndi log 2, ndiye kuti 4 ÷ 0.301, ikupatsa 13.3, pafupifupi mphindi 266. Mawa ukawalembetse anzako aja mndandanda uja ndi dzanja lawo, kenako muyesere limodzi ya mphindi 30.