Madam ali ku UK, ine ndikawatsatira ndikaloledwa kugwira ntchito?

Mphunzitsi_wa_ku_Santhe:
Abale thandizeni maganizo. Madam anga ndi namwino, anapita ku Leeds chaka chatha ndiye akufuna anditenge ine ndi ana awiri pa dependant visa, visa ya banja la munthu wogwira ntchito kumeneko. Ine ndimaphunzitsa ku pulayimale kuno ku Kasungu zaka 11 tsopano, komanso ndili ndi kamunda ka soya. Anzanga ku staff room akundiopseza kuti ndikakangokhala mnyumba kulera ana, ati visa imeneyo salola ntchito. Ndi zoona? Mutu sukugwira, ana amalira mayi awo daily koma kusiya ntchito ya boma chonchi mtima ukukana.

MayiAwiri_Chamama:
Achimwene anzanuwo akusokoneza ndi ku Joni. Ku South Africa ukapita ngati wongoperekeza mkazi kapena mwamuna wa work visa, iweyo sugwira ntchito mpaka upeze chilolezo chakochako. Ku UK nkosiyana, dependant wa namwino amagwira ntchito pafupifupi iliyonse ngakhale kuyamba bizinesi, chomwe amakaniza nkukhala katswiri wamasewera olipidwa kapena kochi basi. Thandizo la boma lija amati public funds ndiye musaliyembekezere. Koma funsitsani madam kuti pepala lawo linalembedwa nurse kapena care worker (wosamalira okalamba ndi odwala), chifukwa kuyambira pa 11 March 2024 ma care worker atsopano saloledwa kutenga banja, pomwe anamwino akuloledwabe.

Mphunzitsi_wa_ku_Santhe:
Ndi nurse ndithu, mayeso a NMC, bungwe lolembetsa anamwino ku UK, anakhoza. Koma ukwati wathu unali wa chinkhoswe chabe, tilibe pepala lililonse.

MayiAwiri_Chamama:
Apo ndiye yambirani pamenepo. Ankhoswe sangakaimirire ku Home Office, ofesi ya boma la UK yoona za ma visa, kumafunika umboni wolembedwa monga satifiketi ya ukwati, pitani kwa DC pa boma mukafunse zolembetsa. Ma birth certificate a ana, mapasipoti, kalata ya ku polisi, komanso kuyezetsa TB ku chipatala chomwe iwowo anavomereza, osati chilichonse ayi.

Wa_ku_Nkhamenya:
Zantchito mayiwa anena zoona, ine ndili konkuno ku UK chaka chachitatu pa visa yomweyo. Koma ndikuuzeni chomwe anthu sanena. Visa yanuyo yamangiriridwa kwa akazi anu, tsiku lomwe yawo ithere yanunso yatha, ntchito yawo ikasokonekera nonse muli mmadzi, ndipo banja likatha lamulo limati mudziwitse Home Office ndiye amafupikitsa visa yanu, kawirikawiri amakusiyirani masiku 60 kuti mupeze njira ina kapena mubwerere. Ndaonapo abambo akulira, munthu anagulitsa ng'ombe ndi munda kumudzi kenako zinthu mnyumba zavuta. Mundawo musagulitse chonde, asiyireni abale azilima.

Za uphunzitsi musaganize kuti mukangofika nkulowa mkalasi, sukulu zambiri za boma zimafuna QTS, chiphaso chovomereza uphunzitsi kuno. Ine kumudzi ndinali wa mu ofesi koma ndinayambira mu warehouse usiku, madam masana, timangopatsirana ana pakhomo chifukwa kolerera ana kuno nkodula zedi. Miyezi yoyamba inandiwawa, ulemu wonse uja wa "bwana" kulibe. Panopa ndinazolowera ndipo ana akukula akuona tonse awiri.

Mphunzitsi_wa_ku_Santhe:
Zikomo nonse, mtima watsikako. Munda sindigulitsa, mng'ono wanga azilima. Lolemba ndilawirira kwa DC, ndipo ndikafunsenso kwa a DEM, mkulu wa zamaphunziro pa boma, ngati tchuthi chosalipidwa chingatheke ndisanalembe kalata yosiya ntchito. Achimwene a ku Nkhamenya, ku warehouse anakufunsani mapepala anji tsiku loyamba?