Aliyense akungoti "nkhawa", titumize ndani kuchipatala?

Mlangizi, Bangula: Mwaswera bwanji anzanga. Ndithandizeni pa PHQ-9, fomu ija ya mafunso yoyezera matenda okhumudwa. Anthu amene anasamuka kuchoka kutsidya madzi a namondwe wa Freddy atawononga mu Malichi 2023, ndikawafunsa za mumtima yankho ndi limodzi: "nkhawa basi." Mayi amene chimanga chamuumira kudimba akuti nkhawa. Bambo amene sadzuka pamkeka mpaka dzuwa kufika paliwombo, nayenso nkhawa. Mafunso onse 9 ndikufunsa, koma mapointi akungofanana, pamene ndi maso ndikuona kuti anthuwa sakuvutika mofanana.

HSA (wazaumoyo wa m'mudzi), Ngabu: Asisi, mawu a nkhawawo anthu anawatolera kwa ife tomwe ndi pawailesi. Akudziwa kuti ndi amene amalembedwa papepala. Ine fomu ndimayamba ndaisiya m'chikwama, n'kufunsa kuti, "Agogo, chimene chili mumtimamu, mayi anu akanachitchula bwanji?" Mpamene mawu enieni amatuluka. Ena amati nthumanzi. Ameneyo mtambo ukangoda kumapiri a Thyolo, miyendo njenjenje, amagona nsapato zili kumapazi, chiphaso ndi buku la kuchipatala atazimanga m'jumbo pamutu pa mphasa. Ena amati akupukwa. Wopukwa amadya, amalima ndithu, koma mtima uli kumudzi wakale, kumanda a makolo ndi kumango amene anabzala yekha.

Mlangizi, Bangula: Kupukwa! Mawu amenewo ndinawamva komaliza kwa agogo anga.

Wodzipereka, Tengani: Musaiwale kuti kuno ambiri amalira m'Chisena ngakhale atakuyankhani m'Chichewa. Mukamva "kutsukwala" ndiye chisoni chamugwira, "kudzudzumika" ndi mtima wosakhazikika. Koma akati "nyatwa", nthawi zambiri akunena mavuto a pakhomo, njala kapena ngongole ya banki m'khonde. Ameneyo mukamulemba kuti akudwala maganizo mwamulakwira, akufuna ufa.

Namwino wa zamaganizo, Nsanje: Zonsezi n'zabwino, koma ndichenjeze. Mafunso a pafomu musawasinthe. Fomu ya Chichewa ija inayesedwa ndi mawu amene alipowo. Funso lililonse ndi 0 mpaka 3, zonse pamodzi 27, ndipo limafunsa za masabata awiri apitawa. Mukachotsa mawu ena n'kuika anu, 10 wa ku Ngabu sadzafanananso ndi 10 wa ku Nsanje, ife olandira odwala tidzangosokonezeka.

HSA, Ngabu: Mayi, sindikusintha ayi. Ndimacheza kaye, fomu pambuyo.

Namwino wa zamaganizo, Nsanje: Ndiye tili limodzi, achimwene. Lembani mawu a munthuyo m'mphepete mwa pepala monga wawanenera. Amene ine amandiopsa ndi mphwayi. Wa nthumanzi amathamanga, amafunsa za madzi a Shire ndi Ruo, akufunabe moyo. Wa mphwayi mbuzi zikamadya mbewu zake amangoyang'ana, osatola ndi mwala womwe. Limenelo ndi funso loyamba lenilenilo la pafomu, la kusasangalatsidwa ndi zinthu, kungoti munthu salizindikira likamawerengedwa mwachisukulu. Bambo wa pamkeka uja, asisi, mubwereze kumuona mawa lomwe.

Wodzipereka, Tengani: Koma mphwayi musayambe ndinu kuitchula, makamaka kwa bambo pamaso pa mkazi wake. Amamva ngati mwamunena ulesi, ndipo macheza athera pomwepo. Ndi bwino kufunsa kuti, "Khasu lija mukumaligwirabe ndi mtima wonse?"

Mlangizi, Nchalo: Ndiwonjezere msunamo. Mwiniwake sanena kuti ndili ndi msunamo, amanena ndi a pakhomo: "masiku ano angoti ndwii." Choncho mukamaliza ndi munthuyo, mupemphe chilolezo mufunseko amene amadya naye mbale imodzi. Palinso kakasi, uja amagwira munthu tsoka litangochitika, pakamwa yasa, wosalira n'komwe. Ameneyu kawirikawiri amatha yekha pakapita masiku, si wothamangira naye ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba.

Mlangizi, Bangula: Nanga funso la 9, lija la maganizo ofuna kufa kapena kudzivulaza? Ndikangofika pamenepo aliyense amati ayi msangamsanga.

Namwino wa zamaganizo, Nsanje: Amaopa, chifukwa anamva kuti kuyesa kudzipha ndi mlandu, ndiye amaganiza kuti mukawanenera kupolisi. Muuzeni poyamba kuti mukufunsa kuti mumuthandize, mufunse muli awiri, ana atapita kosewera. Tcherani khutu ku mawu ngati "ndatopa nawo moyo" kapena "bola madzi aja akananditenga." Mukamva zimenezo musawerengenso mapointi, ngakhale atakhala 4. Musamusiye yekha, itanani wachibale amene iye amamukhulupirira, mankhwala a mbewu achotsedwe m'nyumba, ndipo mundiimbire tsiku lomwelo.

HSA, Ngabu: Pamsonkhano wa mwezi uno aliyense abwere ndi mawu amene wawamva m'dera lake, tiwalembe papepala limodzi ndi zizindikiro zake. A ku Tengani, a Chisenawo ndi anu.

Wodzipereka, Tengani: Ndibwera nawo. Wina anyamule guluu, timate pepalalo kuseri kwa chikuto cha kaundula.