Thandizeni: amuna anga anagundidwa ali panjinga, mwini galimoto wasiya kuyankha foni

Membala wobisa dzina: Admin ndibiseni dzina chonde, achibale a amuna anga ali pagulu pompano. Bambo akunyumba amapikula usipa ku Makawa n'kumadzagulitsa pa boma. Anagundidwa ndi Sienta pamsewu wa ku Monkey Bay akubwerera. Mwendo unathyoka pawiri, chikhakha anachotsa koma akutsimphinabe, kupalasa sangathe. Njingayo tinagulira ndalama ya banki mkhonde imene ndikubweza ndine. Limu inapindika ngati nambala 8. Alamu anga anaitenga ati akakonze, lero ndikuiona ikukwera mwana wawo. Apongozi akuti ndine ndinawatuma ulendo umenewo, ngati nsima imene amadya pakhomo panga imagwa kumwamba. Usipa dengu lonse anthu anatolerana munthu ali gone pansi. Mwini galimoto poyamba ankabwera kuchipatala ndi Sobo ndi buledi, pano foni ikungolira. Tingatani kuti tipeze chipukuta misozi? Mundiyankhe mwaulemu, mutu wanga sukugwira.

Mayi a Mapasa: Pepani asisi. Zoti apongozi akunena musaziike kumtima, anga ananenanso kuti ndine ndinabweretsa BP ya mwana wawo.

Mkulu Wonena Zoona: TINENE ZOONA. Anthu a njinga kuno ku Mangochi msewu amauyesa bwalo la kwawo! Ndayendetsa galimoto zaka 22. Munthu wamanga dengu lotambalala kuposa chitseko, usiku, wopanda tochi, malaya akuda, ukamuimbira hutala iye ndi pamene akulowera pakati. Akagundidwa wolakwa dalaivala. Amuna anuwo anali ndi chonyezimira kumbuyo?

Kalaliki Wopuma: Mayi, ngoziyo inachitika liti? Ndipo apolisi a pamsewu anafika kudzayeza? Yankhani zimenezi kaye.

Wakabaza wa pa Mlatho: Akulu a zaka 22, mutiuze tiziyenda pati. M'mbali mwa tala munadyeka, kwatsala mchenga wokhawokha, ukatsikamo ndi katundu tayala limatsetsereka. Inu a Sienta mwanyamula anthu 11, wina wakhalirana ndi dalaivala mpando umodzi, mukuthamangira pasenjala wa pa Namiasi. Wopenga ndani pamenepa?

Mkulu Wonena Zoona: Ine SINDIYENDETSA Sienta mphwanga. Laisensi ndili nayo. Iwe buku la malamulo a pamsewu unaliwonapo chikuto chake?

Achimwene Ocheza: Ine chikundiwawa ndi usipa. Anatola aja ngati muli pagulu pano bwezani, ngakhale mbale imodzi 😂

Nasi wa ku Zomba: Musaseke, anthu akulira. Asisi, pitani kuchipatala kumene anagonekedwa mukapemphe lipoti la dokotala lofotokoza kuvulala kwake ndi mmene mwendo watsalira. Kabuku ka kuchipatala, zithunzi za X-ray, malisiti a mankhwala ndi a thiransipoti, zonse ikani mu jumbo imodzi. Njinganso ijambuleni isanakonzedwe.

Achimwene Ocheza: Ajambula bwanji poti mwana wa alamu ali nayo kusukulu

Mwana wa ku Namwera: Ine malume anga anagundidwa ndi lole potsika mapiri a Chowe. Tili kuchipatala kunabwera mnyamata wa tayi ati amagwira ntchito ndi maloya, tisaine basi ndalama zibwera. Tinasaina. Patatha zaka ziwiri tinamva kuti ndalama zinatuluka kalekale, malume analandira yogulira mbuzi imodzi. Maloya onse ndi akuba, ndatha ine.

Kalaliki Wopuma: Si onse. Loya akakudyerani ndalama mumakadandaula ku Malawi Law Society. Ndipo amene alibe ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau, ndi ya boma. Mayi, ndikufunsanso, inachitika liti? Mlandu wa kuvulala uli ndi malire a zaka 3 kuchokera tsiku la ngozi. Koma kusumira a inshuwalansi mwachindunji malire ake ndi zaka 2 zokha, zikadutsa amangokuwerengerani kalendala.

Mkulu Wonena Zoona: Legal Aid yachani munthu wolakwa yekha? Dzana pa mlatho wa Bakili Muluzi ndaona amayi atatu akuyenda mondondozana ndi galimoto, atapereka msana, wina ali pa foni. Wapansi amayenda KUDZANJA LAMANJA kuti aziona galimoto ikubwera kutsogolo kwake. Njinga kumanzere, mzere umodzi. Standard 3 tinaphunzira zimenezi!

Mayi a Mapasa: Bambo inu munalipo pangoziyo? Mwaweruza kale bwanji?

Ndinagundidwapo: Za dzanja lamanjazo akunena zoona, kungoti mkamwa mwawo ndi mowawa. Koma asisi musalimbane ndi foni ya mwini galimoto. Galimoto iliyonse yoyenda pamsewu lamulo limati ikhale ndi inshuwalansi yolipira anthu amene yawavulaza, ndipo lamulo lomwelo limakulolani kusumira kampani ya inshuwalansiyo mwachindunji. Pa lipoti la apolisi pamalembedwa nambala ya galimoto, dzina la dalaivala, kampani yake ndi amene apolisi amuona wolakwa. Ine ndinagundidwa ndikuwoloka pafupi ndi msika, dalaivala analipitsidwa chindapusa, ine n'kumadikira kuti andipatsa. Kumeneko ndinapusa, chindapusa chimalowa kuboma. Yako umaitsata pawekha. Polipira lipotilo mutenge lisiti.

Mkulu Wonena Zoona: Ndipo inshuwalansi ikamva kuti analibe chonyezimira SAKUPATSANI OLO TAMBALA.

Kalaliki Wopuma: Bodza limenelo akulu. Khoti likapeza kuti wanjinga analakwitsako mbali ina, limangochepetsa ndalama molingana ndi kulakwa kwake. Vuto lenileni ndi lakuti galimoto zina zimayenda ndi inshuwalansi yotha ntchito. Zikatero mumatsala ndi mwini galimoto ndi dalaivala wake basi, ndiye kupeza ndalama kumavuta.

Wakabaza wa pa Mlatho: Mwamva a zaka 22? Bodza akuti.

Mkulu Wonena Zoona: Iwe ukadzandidutsa kutsogolo udzaona.

Admin: Zoopsezana ayi, ndikutulutsani nonse awiri.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Alamu akuti njinga abweza Lachisanu koma akufuna ndiwabwezere ya masipoko, taonani nkhanza zake. Apongozi sindikuwayankhulanso. Kodi kapepala kamene bambo anadinda chala kuchipatala, tsiku limene mwini galimoto anasiya K60,000, kali ndi ntchito? Kanapita ndi iyeyo.

Kalaliki Wopuma: Kapepala kanjinso mayi?? Kanalembedwa chiyani, anakuwerengerani? Musadindenso china chilichonse. Ndipo kachitatu aka, ngoziyo inachitika LITI?

Mayi a Mapasa: Ya masipokoyo musapereke asisi.