Chithunzi chiti chipite mu fulemu limodzi ndi siginecha ya Jackie Robinson ya 1951?

Chikondi_42:

Akuluakulu muli bwanji, ndithandizeniko maganizo apa. Ndagula pa okushoni positikhadi yosainidwa ndi Jackie Robinson, katswiri wa baseball wa timu ya Brooklyn Dodgers, zija za boma za 1 cent zomwe mafani ankatumiza kwa osewera atalembapo kale adiresi yawo kuti wosewerayo angosaina n'kuponya ku positi. Chidindo cha positi ofesi chikuoneka bwinobwino, Brooklyn 1951, ndipo yabwera ndi kalata ya JSA, kampani yotsimikizira masiginecha, nde zoti ndi yeniyeni kapena feki sinkhani. Inki ndi ya buluu woderako, khadi yake yachita kachikasu pang'ono m'mbali koma sinapindike pena paliponse.

Ndikufuna ndiiike mu fulemu limodzi ndi chithunzi cha mainchesi 8x10, chithunzi pamwamba khadi m'munsi. Pavuta ndi pa chithunzipo. Ine mtima wanga uli pa chija akuba home (kuthamangira ku home plate kukagoletsa mpira usanamenyedwe) mu gemu yoyamba ya World Series, ndime yomaliza yolimbirana chikho, ya 1955, fumbi lili koboo, Yogi Berra, wowakha mpira wa ma Yankees, ali pansi ndi glovu yake, koma madam akuti mmenemo nkhope sikuoneka, mlendo akabwera azingoona miyendo ndi fumbi osadziwa kuti mwini siginechayo ndi uti. Iwo akufuna chija cha 1954 chomwe anajambula Bob Sandberg wa magazini ya Look, Jackie atanyamula bat. Inu mukanatani? Komanso ndisake chithunzi choyambirira chenicheni cha nthawi imeneyo kapena pulinti yatsopano ndi bhobho?

Madala_Ebbets:

Achimwene mwatola chinthu chabwino, makamaka chidindocho. Siginecha zambiri zakale zili pa timakhadi ta 3x5 topanda deti ndipo munthu umangoganizira kuti mwina anasaina akusewera kapena atapuma kale, koma yanuyo ikunena yokha chaka. Nde ine ndikuti musachitaye chimenecho, zithunzi ziwiri zonse mwatchulazo ndi za pambuyo pa siginecha.

Pali njira yosavuta yodziwira. Ma Dodgers anayamba kuika nambala yofiira kutsogolo kwa jezi yosewerera pakhomo mu 1952. Chithunzi chilichonse chomwe 42 wofiira akuoneka kutsogoloko, m'munsi mwa mawu aja a Dodgers, si cha 1951 kapena m'mbuyo mwake, ndipo munthu wodziwa akangoponya diso pa fulemu lanu aona pompo kuti khadi ndi jezi sizikugwirizana. Sikuti ndi mlandu ayi koma zimaswa mtima ukadziwa kkkk.

Komanso taganizani kuti amene anagwira peni mu 1951 anali Jackie uti. Anali ndi zaka 32, akusewera second base, chaka chimenecho avareji yake yomenya mpira inali .338, MVP (mphoto ya wosewera wopambana mu ligi) anali atatenga kale mu 1949. Tsiku lomaliza la sizoni pa 30 September ku Philadelphia anadziponya n'kuwakha mpira wa Eddie Waitkus mu inning ya 12 pomwe gemu ikanathera pompo, kenako mu inning ya 14 n'kumenya home run kwa woponya mpira Robin Roberts, ndi zimene zinapangitsa kuti akakumane ndi ma Giants mu playoff. Pofika 1955 anali ndi zaka 36, thupi litalemera, imvi zili mbuu, amuchotsa pa second akumuzungulitsa pa third ndi ku outfield, anamenya .256 yokha ndipo gemu 7 yomwe Brooklyn inatengera chikho sanalowe n'komwe, pa third panali Don Hoak. Chithunzi cha kuba home ndi chokongola sindikukana koma chikuonetsa munthu wina wake wakumapeto, osati amene anasaina khadi yanu.

Sakani cha pakati pa 1949 ndi 1951, chipewa cha B, jezi yopanda nambala kutsogolo. Zilipo zambiri, zina akutembenuza double play pa second, zina wangokhala pa masitepe a dugout ku Ebbets Field, bwalo la ma Dodgers.

Bronx_mpaka_kale:

Ikani cha 1955 chomwecho kuti aliyense wolowa m'nyumba mwanu aziona yekha kuti munthuyo anali out. Berra anakana chigamulo choti Jackie anali safe mpaka kumwalira kwake mu 2015 ndipo ine ndili mbali yake, ampaya Bill Summers anali kumbuyo sakanaona bwino. Komanso musaiwale kuti gemu imeneyo ma Yankees anawina 6-5 kkkkk

Thoko_M:

A Bronx inu khalani pansi, chikho cha chaka chimenecho chinapita kuti?

Achimwene a Chikondi, ine zofananitsa chaka sindizitenga mwamphamvu ngati a Madala. Mwa anthu amene adzaime pa fulemu limenelo ndi angati amene akudziwa za nambala yofiira ya 1952, mwina mmodzi, ndipo mmodziyo ndi a Madala omwewo akadzabwera kudzacheza. Koma madam anu akunena zoona pa chifukwa china chomwe simunachione. Chithunzi cha kuba home chili ndi anthu ambiri, Berra watenga pafupifupi theka lonse, ampaya ali pomwepo, womenya bat waima pambali, nde mukaika siginecha imodzi pansi pake fulemu limaoneka ngati silinathe, aliyense azifunsa kuti nanga ya Berra ili kuti. Chimenecho chimakoma ukakhala ndi makhadi awiri, ya Robinson uku ya Berra uku. Ndipo za Berra sizovuta kupeza poti anakhala moyo nthawi yaitali akusaina m'mashow, pomwe Jackie anamwalira mu 1972 bizinesi ya ma autograph isanakule. Mwina mudzapange fulemu lachiwiri m'tsogolo.

Siginecha ndi kanthu kakang'ono, positikhadi imeneyo ndi mainchesi 5 ndi theka m'litali basi, nde chithunzi chikakhala cha piringupiringu diso limathera konko osatsika pansi. Chofunika ndi munthu mmodzi, nkhope yooneka, kumbuyo kopanda zambiri. Ndipo yang'anani komwe maso ake akuloza, ngati akuyang'ana kumanja ndipo mwasankha kuika khadi pambali osati pansi, khadiyo ikhale kumanjako, asamaoneke ngati waifulatira.

Za original kapena pulinti. PSA, kampani yotsimikizira zinthu zakale za masewera, imagawa zithunzi m'magulu anayi. Type I ndi chotsukidwa kuchokera ku negativu yoyambirira pasanathe zaka ziwiri chijambulireni, Type II negativu yomweyo koma chotsukidwa patapita nthawi, Type III ndi Type IV ndi zochokera ku negativu yokopera kapena zotumizidwa pa waya, III cha nthawi yomweyo IV cha pambuyo. Type I ya Robinson yabwino ikhoza kudya madola oposa amene mwalipira pa khadiyo, ndipo chomwe chimachipatsa mtengo chili kuseri, zidindo za makampani a zithunzi za nyuzi monga ACME kapena International News Photos kapena AP, kapepala ka caption komata, deti, zolemba za pensulo za mkonzi wa nyuzi. Mukachiika mu fulemu zonsezo mwazibisa, kuonjezera apo mwaika zinthu ziwiri zodula pa kuwala m'malo mwa chimodzi. Zija za pa waya zimakhala zotchipa koma zambiri ndi zosaoneka bwino, ukayandikira umaona timizere. Ine ndikanapanga pulinti yabwino basi. Cha Sandberg chija chili ku Library of Congress mu zithunzi za Look, pa webusaiti yawo mumapeza sikani ndi zomwe alemba zokhudza ufulu wogwiritsa ntchito, werengani kaye musanapite nacho kokapulintitsa.

MaiTadala_mafulemu:

Ine ntchito yanga ndi yomweyi yopanga mafulemu nde za baseball ndisiyira eni ake, ndilankhule za pepala.

Choyamba chidindo cha 1951 chomwe mukunyadirachi chili mbali ya adiresi, siginecha ili kuseri kwake. Mukangoika mwachizolowezi chidindocho chapita mumdima. Muuzeni wopanga fulemu aboole kawindo pa bolodi la kumbuyo n'kutsekapo ndi Mylar (pulasitiki woonekera wosaononga pepala) kapena akiliki kuti mukatembenuza fulemu muziona, kapena musikane mbali imeneyo n'kuika kope yake pa kawindo kachitatu kutsogolo. Ine ndimakonda cha kumbuyo, kutsogolo mawindo atatu amachulutsa zinthu. Ndipo ngati mukufuna kope ya kutsogolo ganizirani kuti pali dzina ndi adiresi ya munthu amene anatumiza khadiyo.

Chachiwiri, ndipo apa ndikupemphani mumve, pasakhale tepi, guluu kapena dry mount (kumata pa bolodi pogwiritsa ntchito kutentha) pa khadi imeneyo, ngakhale wopangayo atanena kuti tepi yake ndi ya archival. Ikhale pa timakona ta Mylar kapena timizere togwira m'mbali kuti tsiku lina muthe kuitulutsa ili momwe inalowera. Kasitomala wina anandibweretsera khadi ya wosewera wa m'ma 1940 yomwe shopu ina inamata ndi selotepi zaka zambiri zapitazo, tepiyo inauma n'kuyoyoka yokha koma mafuta ake analowa mu pepala, ngodya zonse zinayi zinali ndi timabokosi ta bulauni toonekera mpaka kutsogolo, kamodzi kanakhudza chilembo chomaliza cha dzina. Zimenezo sizichoka.

Mat, kabolodi koboola kozungulira khadi pansi pa galasi, ikhale ya thonje yopanda asidi, ija yoti mukaiona podula mkati mwake ndi moyera, zotchipa zija mkati mumasanduka bulauni ndipo zimasiya mzere wozungulira pa khadi. Galasi la UV, lomwe amati limatchinga 99%, ndipo lisakhudze pepala, mat ndi imene imapereka kampata. Koma galasilo silipangitsa kuti dzuwa likhale bwenzi lanu, inki ya buluu ya peni zakale imazilala ndi kuwala kulikonse pang'onopang'ono ndipo ikapita yapita. Khoma la mkati losawombedwa dzuwa, osati moyang'anana ndi windo, osati pamwamba pa hita kapena pafupi ndi bafa.

Tsopano pa chithunzi, chinthu chomwe anthu ambiri saganiza ndi mtundu wa pepala lopulintira. Khadi yanu mwati yachita chikasu. Mukaika pambali pake pulinti yonyezimira yoyera mbee, khadiyo ioneka yakuda ngati malaya akale pafupi ndi atsopano. Pemphani black and white pa pepala losanyezimira lokhala ndi kamtundu kofunda, mat ya kirimu yoderako pang'ono kuposa khadi kuti khadiyo ioneke yowala. Buluu wa Dodgers ngati mukumufuna akhale kamzere kakang'ono ka mat yachiwiri ya mkati basi, ndaona anthu akuika mat yonse ya buluu wowala nde inki yakale ija imangosowa. Zithunzi zopakidwa mtundu pa kompyuta zija zisiyeni. Ndipo 8x10 si lamulo, pa khadi yaing'ono chonchi 5x7 kapena 6x8 nthawi zina imakhala bwino kuposa, dulani mapepala a masaizi amenewo muyale pa tebulo muone nokha musanalipire.

Chikondi_42:

Eee koma ndiye mwanditsegula maso, zikomo nonse kupatula a Bronx kkk. Mayi Tadala za kawindo ka kumbuyo ndatenga, ndi 6x8 ndiyesa. Cha 1955 ndachisiya kaye mpaka ndidzapeze Berra. Madam akuti awina koma ndawauza kuti chawo cha 1954 nachonso chagwa pa mayeso a Madala.

Ndapeza ziwiri zopanda nambala kutsogolo. China ndi cha 1947 wavala glovu ya first base, nkhope ikuoneka bwino zedi akumwetulira. China ndi cha pa 3 October 1951 ku Polo Grounds, bwalo la ma Giants, Bobby Thomson wa ma Giants atangomenya home run ija yomwe inagonjetsa ma Dodgers mu playoff, ma Giants aunjikana pa home plate akusangalala, Jackie waima yekha wagwira m'chiuno watifulatira, 42 ali poonekera pamsana. Chaka chake ndi chenichenicho. A Madala mukuti bwa?

Madala_Ebbets:

Chimenecho ndimachidziwa ndipo chimandipweteka mpaka lero, amati anatsala pabwalo anzake akutuluka kuti aonetsetse kuti Thomson waponda ma base onse. Monga chithunzi ndi champhamvu kuposa zonse tatchula muno. Koma ndi tsiku limene timu yake inaluza pennant (ukatswiri wa ligi) itatsogola ndi magemu 13 mu August, nde funsani mtima wanu ngati mukufuna kudzuka m'mawa uliwonse n'kumaona zimenezo, komanso nkhope mulibe nde mlandu wa madam uja wabwereranso. Cha 1947 chaka chatalikirako koma jezi ndi yolondola ndipo ndi chaka chomwe aliyense amamudziwira, anayamba kusewera mu ligi yaikulu pa 15 April ku Ebbets Field, vuto ndi glovu ya first base yokhayo poti pofika 1951 anali atakhazikika pa second kalekale. Pa ziwirizo ine cha 1947, koma musathamange, sakaninso ndi mawu oti Robinson second base 1950 kapena 1951.

Tatiuzani mwezi wa pa chidindocho. Ngati ndi October ndisintha maganizo.

Chikondi_42:

Ndayang'ana ndi tochi ya foni, ndi JUN, tsiku lake lafufutika theka. Mayi Tadala kafunso kena, kalata ya JSA ija ndiisunge padera kapena ilowe kuseri kwa fulemu?

MaiTadala_mafulemu:

Kope ilowe mu kathumba ka pulasitiki komata pa pepala lotsekera kumbuyo, kunja kwake osati mkati momwe muli khadi, ndipo kasatseke kawindo ka chidindo. Yeniyeniyo mu fayilo pamodzi ndi risiti ya ku okushoni. Musanapereke khadiyo kwa wopanga fulemu ijambuleni mbali zonse ziwiri pafupi, ndipo funsani kuti muone timakona ta Mylar tomwe agwiritse ntchito, akayamba kuzemba pitani kwina.