Thandizeni, mabuku anga a PDF asokonekera

Membala wobisa dzina: Moni nonse. Ndili ndi mabuku oposa 900, ambiri ndinawatola m'magulu a WhatsApp. Mayina ake ndi monga DOC-20230514-WA0012, ndiye sudziwa kuti la unamwino ndi liti, la ulimi wa nkhuku ndi liti. Dzulo ndasaka buku limodzi mpaka 1 koloko usiku, magetsi atazima, mayeso ali Lachisanu. Anasokoneza ndi mlamu wanga amene ndikumusunga pakhomo pano, akuti amandikonzera mafoda. Munthu wosagula ngakhale sopo, koma zinthu zanga agwire. Ndamva za ma tag, mawu oika pa buku osonyeza nkhani yake. Ndiyambire pati?

Mphunzitsi wa ku Zomba: Calibre basi! Ndi pulogalamu ya pa kompyuta yosanjira mabuku, yaulere, anaipanga Kovid Goyal mu 2006. Lowetsani mabuku onse, sankhani angapo pamodzi, dinani E, lembani ma tag mowalekanitsa ndi chizindikiro cha koma (,). Buku limodzi litha kukhala la "unamwino" komanso la "mayeso". Foda singachite zimenezo.

Mayi a mapasa: Ine memory card inangofa, maulaliki a zaka zisanu onse kupita. Ndinalira ngati pamaliro. Achemwali, kopelani pena kaye musanakhudze kalikonse.

Wa ku Mzuzu: Mafoda ndi okwanira. Ma tag ndi a anthu opanda zochita.

Mphunzitsi wa ku Zomba: Bambo, buku la zakudya za ana mudzaliika mufoda iti, ya zaumoyo kapena ya kuphika? Mukopela kawiri, malo n'kutha. Mu Calibre mungalembe ma tag Ulimi.Nkhuku ndi Ulimi.Chimanga, mukatsegula hierarchy (kusanja ma tag ena pansi pa anzake) mu Preferences zimakhala pansi pa Ulimi.

Wa ku Mzuzu: Si tonse tili ndi laputopu, aphunzitsi. Calibre sikhala pa foni. Pa Android ine ndimagwiritsa pulogalamu yowerengera mabuku ya ReadEra, ili ndi ma collection, magulu oikamo mabuku.

Agogo a gulu: Mabuku 900 mwawerengapo angati? Nanga olemba ake analandirapo kanthu? Ana a masiku ano kungodawuniloda.

Namwino mnzanu: Ma tag asachuluke. Ine ndinafika 200, "mankhwala", "Mankwala", "za mankhwala", onse chinthu chimodzi. Yambani ndi khumi. Koma mabukuwo ali pa foni kapena pa kompyuta?

Mnyamata wa kabaza: Tag yoyamba ikani pa mlamuyo: "wobwerera kumudzi" 😂

Mayi a mapasa: Musaseke, mlamu ndi m'bale. Ikani pa Google Drive, amapereka 15 GB ulere.

Mphunzitsi wa ku Zomba: Ayi mayi! Eni ake a Calibre amachenjeza kuti library yake (foda imene Calibre imasungamo mabuku) isakhale pa Google Drive, mafayilo amatayika. Kopelani pa flash. Ndanena kale, Calibre basi, enawa akungokusokonezani.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Za kumudzizo n'zovuta, amuna anga sangalole, akuti ndi mng'ono wawo yekhayo. Lero wagwiranso chaja yanga osapempha.

Namwino mnzanu: Achemwali, foni kapena kompyuta?