Kodi nyumba ya kanema ya Phoenix ku East Finchley inapulumuka bwanji?

Mlendo wa pa High Road:

Akuluakulu, ndinasamukira ku East Finchley, kumpoto kwa London, miyezi ingapo yapitayo, ndipo tsiku lililonse ndikatsika sitima ya Northern line ndimadutsa pa nyumba yoonetsera mafilimu yotchedwa Phoenix. Loweruka lapitali ndinalowamo koyamba, ndipo chimene chinandigwira mtima ndi denga lake lokhota ngati mkati mwa mgolo, komanso zokongoletsa za m'makoma zimene zikuonekeratu kuti ndi ntchito ya amisiri akale. Mayi wina wachikulire amene ndinakhala naye moyandikana anayamba kundifotokozera kuti nyumbayi inatsala pang'ono kugwetsedwa, koma magetsi anazima nkhaniyo ili pakati, ndipo filimu itatha tinasowana. Ndikupempha odziwa mbiriyi andithandize. Kodi anthu wamba angamuletse bwanji mwini malo kuchita zimene akufuna ndi chuma chake?

Wosunga Zakale:

Takulandirani kudera lathu. Nyumbayi inamangidwa mu 1910, koma kampani imene inaimanga inagwa isanagulitse n'tikiti imodzi yomwe, motero inatsegulidwa mu 1912 ndi dzina lakuti East Finchley Picturedrome. Pambuyo pake inatchedwa Coliseum, kenako Rex mu 1938, ndipo chaka chimenecho ndi chimene chinasiya zambiri zimene munaona. Eni ake anatembenuza chipinda chonse, chinsalu choonetsera n'kuchichotsa mbali ya ku msewu kupita nacho mbali inayo, ndiponso anaika zokongoletsa za m'makomazo, koma denga la 1910 sanalikhudze. Ndiye kuti munakhala pansi pa denga la m'badwo wina, pakati pa makoma a m'badwo winanso.

Dzina lakuti Phoenix linabwera mu 1975, pamene kampani ya Contemporary Films ya a Charles Cooper inagula nyumbayi n'kuyamba kuonetsa mafilimu a zilankhulo zina ndi ena amene makampani akuluakulu sankawalabadira. Nthawi imeneyo wailesi yakanema inali itasesa kale anthu m'nyumba zoterezi, ndipo zambiri zinasanduka malo a bingo kapena masitolo. Mu 1983 kunabwera pempho lakuti pamalowa pamangidwe maofesi, ndipo apa ndi pamene anthu a m'derali anadzuka, kusainirana zikalata zodandaula ndi kuitanitsa misonkhano.

Mphunzitsi Wopuma:

Zimene afotokoza anzangawa ndi zoona, koma ndikufuna kuyankha funso lenileni limene lafunsidwa, chifukwa nkhaniyi imakonda kusimbidwa ngati kuti phokoso la anthu ndilo linathamangitsa omanga maofesi. Sizinayende choncho. Khonsolo ya Barnet, yoyang'anira dera lino, inavomereza pempho la maofesi, koma Greater London Council, khonsolo yaikulu imene inkayang'anira London yense, inalikana, ndipo nkhaniyo itakaunikidwa pa bwalo lomvera maganizo a anthu mu 1984, chilolezo chinaperekedwa ndithu. Mwalamulo, anthu a m'derali anagonja.

Chimene chinapulumutsa nyumbayi ndi kuigula. Greater London Council inapereka mapaundi 325,000, anthu anakhazikitsa bungwe losapanga phindu lotchedwa Phoenix Cinema Trust, ndipo bungweli linatenga umwini wa nyumbayi kumapeto kwa 1985. Taonani mmene nthawi inathinira: boma la mayi Margaret Thatcher linathetsa Greater London Council pa 31 Malichi 1986, kotero ndalamazo zikanachedwa ndi miyezi yochepa chabe, woperekayo akanakhala kulibe. Sindikupeputsa ntchito ya amene anayenda khomo ndi khomo, chifukwa akuluakulu a khonsolo sakanatulutsa ndalama zoterezi popanda kuona kuti pali anthu oifuna nyumbayo ndiponso okonzeka kuisenza. Komabe yankho lake ndi lakuti mwini malo simumuletsa ndi madandaulo, mumangofunika kulowa m'malo mwake. Chitetezo cha lamulo, chimene chinaika nyumbayi pa mndandanda wa nyumba zosungidwa wa Grade II, chinabwera mochedwa, mu 2000.

Mlendo wa pa High Road:

Zikomo kwambiri nonse awiri. Za kugonja pa bwalo lija mayi aja anali asanafikepo. Nanga popeza bungwelo ndilo mwini nyumba, ndiye kuti vuto linatha?

Wapakhomo la Matikiti:

Ayi ndithu, ndipo ndikulankhula ngati munthu amene anadziperekapo kwa zaka zingapo pa nyumba ina yaing'ono yotere, yomwe sindiitchula. Kukhala ndi umwini kumachotsa mantha a lendi ndi a kugulitsidwa, koma denga likadontha palibenso woti mumulozere chala. Gawo lalikulu la ndalama za tikiti limapita kwa kampani yogawa filimuyo, makamaka m'masabata oyambirira, motero chimene chimalipira magetsi ndi antchito nthawi zambiri ndi zakumwa zogulitsa pakhomo, ndalama za umembala, ndi kubwereketsa chipindacho. Ndimakumbukira madzulo ena a nyengo yozizira pamene tinatenthetsa chipinda chonse chifukwa cha anthu asanu ndi awiri, ine ndili pakhomo ndi jekete, ndikuwerenga ndalama zimene sizikanakwanira n'gasi yemwe wa usikuwo.

Mayeso aakulu anabwera cha m'ma 2012 ndi 2013, pamene makampani ogawa mafilimu anayamba kusiya kutumiza mikombero ya 35mm, ndipo nyumba iliyonse inayenera kugula makina a dijito kapena kutseka. Zambiri zinabwereranso kwa anthu omwe aja kukapempha thandizo kachiwiri.

Ngati mukufuna kuyerekeza, pitani ku Rio ya ku Dalston, imene yakhala m'manja mwa anthu a m'dera lake kuyambira 1979, kapena ku Hyde Park Picture House ya ku Leeds, yotsegulidwa mu 1914, imene khonsolo ya mzindawo inaipulumutsa mu 1989 ndipo mpaka lero imayatsabe nyali zake za gasi. Koma za mayi aja musade nkhawa, chifukwa anthu otere amakhala ndi mpando wawo umene sausintha. Mukapitanso Loweruka, kafikeni mofulumira magetsi asanazime.