Giya ikuchedwa kulowa, ndiyambire pati?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Galimoto yanga ndi ya otomatiki, ya 1999. M'mawa ndikachotsa pa P kuika pa D, imayamba yakhala duu masekondi anayi, kenako n'kugunda kuti gu! Ikatentha zimachepako, koma pochoka giya yachiwiri kupita yachitatu injini imangolira, liwiro osawonjezeka.

Mafuta a giyabokosi ndayeza injini ikulira, ali pamzere wake, koma asiya kufiira, ada bii, akununkha zopserera. Makaniko wina akuti tisinthe mafuta ndi fyuluta basi. Wina akuti vuto ndi ma solenoid, ndipo mafuta atsopano angochititsa makilachi otha kale kuterereka. Ameneyu wandiopsa ndithu. Amene munakumanapo nazo, munayamba kuona chiyani musanatsitse giyabokosi yonse?